NJINGA YAMOTO IKABADWA NDI CHILEMA: ZOYENERA KUDZIWA AMAYI

Amayi anzanga, sabata ino tasiya kaye za kukhitchini ndi za kusikelo ya ana kuti tikambirane za chinthu chimene chalowa m'mabanja ambiri masiku ano, ndicho njinga yamoto, imene makolo athu ankaitcha mthuthuthu. Kale inali ya alangizi a zaulimi ndi ansembe oyendera mipingo yakutali. Lero ili ponseponse, kuyambira pa Lunzu mpaka pa Jenda, ndipo m'makomo ambiri yasanduka munda, pakuti kabaza ndiye akugula ufa ndi sopo ndi kulipira fizi ya ana. Tikafufuza kumene kunachokera ndalama zogulira, kawirikawiri tipeza dzanja la mayi: ngongole ya kubanki mkhonde, mtedza wa m'munda mwake, mbuzi zimene anaweta yekha. Koma tsiku logula likafika amapita ndi bambo ndi mnzawo wodziwa injini, mayi nkutsala akusesa pofikira njingayo. Ikafika timaisirira maonekedwe ndi kulira kwake. Za mapepala sitifunsa, chonsecho nkhani yonse yagona pamapepalapo.

Ambirife timaganiza kuti chinthu chatsopano, chonyezimira, chochokera m'bokosi, sichingakhale ndi vuto. Si choncho ayi. Kampani yopanga njinga zamoto sipanga chitsulo chilichonse yokha. Mabuleki imagula kwina, mawaya kwina, mabatire kwina, iyo nkulumikiza. Tsono mmodzi mwa opanga zipangizowo akalakwitsa kwa miyezi yowerengeka, chilemacho chimalowa m'njinga zikwizikwi nthawi imodzi, ndipo njingazo zimabalalika m'maiko ambiri munthu asanazindikire.

Zoterezi zinaoneka ku India mu Meyi 2021. Kampani ya Royal Enfield inalengeza kuti ikuitanitsa njinga 236,966 za mitundu ya Meteor 350, Classic 350 ndi Bullet 350. Vuto linali pa koilo, kachipangizo kamene kamatumiza moto ku pulagi kuti injini ilire. Akatswiri a kampaniyo, poyesa njinga zawo monga mwa nthawi zonse, anapeza kuti makoilo ena oikidwa pakati pa Disembala 2020 ndi Epulo 2021 akhoza kuchititsa injini kutsokomola ndi kufooka mphamvu, ndipo mwa apo ndi apo mawaya kugundanitsa moto. Njingazo zinali zitafika kale ku Thailand, Indonesia, Philippines, Malaysia, Australia ndi New Zealand, kuwonjezera pa ku India konko. Kampaniyo inayembekeza kuti zofunika kusinthidwa koilo sizikwana ngakhale imodzi pa khumi zilizonse, komabe inaitana zonse kuti zikayesedwe, popeza pongoyang'ana ndi maso sungasiyanitse yodwala ndi yabwino.

Kuitanitsa kotereku ndiko wopanga kuvomera yekha kuti cholakwa ndi chake. Motero mwini njinga salipira chipangizo chatsopanocho, salipiranso makaniko. Chimene ambiri sadziwa nchakuti mwayi umenewu umatsata njinga, osati munthu amene anayamba kuigula. Ngakhale munaigula kwa alamu anu itayenda kale, ngati nambala yake ili pa mndandanda wa zoitanidwa, kukonzako nkwanu.

Nthawi zina uthenga umakhala wolemera koposa pamenepa. Mu Juni 2014 kampani ya BMW ya ku Germany inauza eni njinga zatsopano za mtundu wa R 1200 RT, pafupifupi 8,000 padziko lonse, kuti aleke kuzikwera nthawi yomweyo. Kamtengo kachitsulo ka m'kati mwa shoko yakumbuyo, imene imagwira kulemera kwa njinga ikamadumpha m'mabampu, kakanatha kuthyoka munthu ali pa liwiro. Panalibe zoti yendani nayo pang'onopang'ono mpaka kugalaja. Inali yoti iimikidwe pomwe ili. Zitsulo zosinthira zinatenga masabata ambiri kuti zipezeke, ndipo ku America kampaniyo inapatsa eni ake mwayi wosankha. Wina anatha kudikira nkulandira madola 2,500 opepesera, wina kubwerekedwa njinga ina yoyendera, ndipo amene mtima unali utachoka pa njingayo anatha kuibweza nkulandiranso ndalama zake.

Nzoona kuti njinga zimenezo nza anthu olemera, zoyendera maulendo osangalala, ndipo kuimika kwa miyezi iwiri sikunagonetse mwana aliyense ndi njala. Kwathu kuno mawu akuti lekani kukwera akutanthauza kuti poto sakhala pamoto madzulo. Nchifukwa chake bambo akamva kuti mabuleki a njinga yawo ali ndi chilema amayankha kuti ndiyenda nayo mosamala, ndione kaye ya ndiwo. Apa mpamene mayi ayenera kulimba pakamwa, ngakhale pakhale kusamvana kwa tsiku limodzi. Pampando wakumbuyo uja pamakhala mayi woyembekezera wopita kusikelo, pamakhala mwana wa sukulu. Masiku atatu opanda kabaza tingawapirire ndi ufa wobwereka kwa anansi, koma mwendo wothyoka umagoneka munthu miyezi m'chipatala, ndipo wokadikirira kumeneko ndi inu nomwe, ngongole ya kubanki mkhonde ikuwerengabe masiku.

Tsono funso nali: kodi makampani aja anawapeza bwanji eni njinga m'maiko onsewo? Anawapeza ndi nambala. Njinga yamoto iliyonse ili ndi nambala yake yodindidwa pachitsulo, kawirikawiri pakhosi pake, m'munsi mwa zogwirira, imene amakaniko amaitcha nambala ya chasisi. Pa njinga za makampani akuluakulu imakhala ya zilembo ndi manambala 17. Injini nayo ili ndi nambala yakeyake. Wogulitsa wovomerezeka akagulitsa njinga amalemba nambalayo pamodzi ndi dzina la wogula ndi kumene angapezeke, kotero vuto likadziwika amangotsegula kaundula nkuyamba kutumiza uthenga. Ku America lamulo la 1966 linakakamiza opanga kudziwitsa eni ake za chilema choopsa, ndipo mu 1974 linawonjezeredwa kuti kukonzako kuzikhala kwaulere. Ku India, kuyambira pa 1 Epulo 2021, boma lili ndi mphamvu yolamula kampani kuitanitsa galimoto kapena njinga zake ngakhale iyo isakufuna.

Kuno kwathu njinga zambiri za kabaza zimagulidwa pamsika kapena kwa munthu wozitenga kutsidya kwa malire, ndipo zambiri sizinalembetsedwe nkomwe ku ofesi ya Road Traffic. Mtengo umaoneka wotsikirapo, nzoona. Koma njinga yotereyi ili ngati mwana wosalembedwa m'buku la amfumu. Wopanga sadziwa kuti ili kuti, ndipo ngakhale atalengeza za chilema chake, uthengawo sudzagogoda pakhomo panu. Ine ndimaona kuti kusiyana kwa mtengo kuja ndiko mtengo wa dzina lanu m'kaundula, ndipo banja limene likugula ndi ndalama zangongole liyenera kuganizapo kawiri.

Waranti ndi nkhani ina, tisaisokoneze ndi kuitanitsa kuja. Waranti ndi lonjezo lolembedwa lakuti njinga ikaonongeka chifukwa cha kapangidwe kake m'kati mwa nthawi yakutiyakuti, adzaikonza kwaulere. Nthawiyo imawerengedwa pawiri, miyezi ndi makilomita, ndipo chimene chayamba kukwana ndicho chimatseka lonjezo. Pamenepa a kabaza asamale. Njinga yoyenda kuyambira tambala woyamba mpaka usiku ikhoza kumaliza makilomita ake miyezi ikadalipo yambiri. Waranti sikhudza zinthu zotha ndi ntchito, monga matayala, tcheni, mapulagi, mababu ndi zogwira mabuleki. Sikhudzanso ngozi, kapena kuthyoka kobwera chifukwa chosenzetsa matumba atatu a makala ndi munthu pamwamba. Makampani ena amalemba poyera kuti njinga yochitira malonda lonjezo lake nlalifupi kapena palibiretu, choncho nkofunika kufunsa za kabaza ndalama zisanachoke m'manja, ndipo yankho lilembedwe. Mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Chimene chimapha mawaranti ambiri ndi kabuku kakang'ono kamene kamabwera ndi njinga. M'menemo muli masiku opita nayo kukasintha oilo ndi kuunikidwa, ulendo woyamba kawirikawiri isanapitirire makilomita 1,000, ndipo ulendo uliwonse agalaja ovomerezeka amadindamo chidindo. Bambo amaona ngati nkutaya nthawi ndi petulo pamene makaniko wa pansi pa mtengo ali pafupi, wodziwa ntchito ndiponso wotchipa. Sitikunyoza amakaniko athu, ambiri manja awo ngabwino zedi. Koma injini ikagogoda mwezi wachisanu, wogulitsa chimene adzayamba kufunsa ndi kabuku kaja, ndipo akapeza masamba oyera, kapena akaona kuti injini inatsegulidwapo ndi munthu wina, lonjezo lathera pomwepo. Kabukuka kasamayende m'thumba la bambo kukanyowa ndi mvula. Malo ake ndi m'sutukesi momwe timasunga mabuku a kusikelo ndi mtchatho waukwati, ndipo wokumbutsa tsiku akhale mayi, monga timakumbukira tsiku la katemera.

Nanga za kubwezeredwa ndalama? Apa tisanamizane, ndi khomo lomaliza ndiponso lopapatiza. Wogulitsa amayamba ndi kukonza, zikakanika amasintha chipangizo kapena njinga, ndipo ndalama zimabwera zonsezi zitalephereka. Ngakhale ku America lamulo limalola wopanga, akasankha kubweza ndalama, kuchotsapo kenakake polingalira kuti chinthucho chinagwirapo ntchito. Komabe chikwangwani chimene timachiona m'masitolo ena, chonena kuti katundu akagulidwa sabwezedwa, chisatiopseze. Bungwe la boma loona za mpikisano ndi chilungamo pa malonda, la Competition and Fair Trading Commission, lakhala likuchenjeza amalonda kuti nkulakwira lamulo kudzichotsa pa mlandu wa katundu wachilema mwa njira imeneyi. Bungweli linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1998, ndipo lamulo latsopano la 2024 linalipatsa mphamvu zolipitsa chindapusa ndi kulamula wogulitsa kubweza ndalama za wogula. Palinso lamulo loteteza ogula la 2003, ndi bungwe loyankhulira ogula la CAMA, limene linayamba mu 1994.

Koma onsewa sagwira ntchito ndi mawu apakamwa. Adzafuna lisiti, ndipo lisiti lenileni ndi lokhala ndi dzina la sitolo, tsiku, mtengo, dzina la wogula, nambala ya chasisi ndi nambala ya injini. Kapepala kongolembedwa kuti njinga imodzi yalipiridwa sikasonyeza kuti njinga yake ndi iti. Musanachoke pasitolo, wina awerenge nambala pachitsulo mokweza, wina akutsatira ndi chala papepala. Ngati ndalama zina nzanu, palibe choletsa kuti dzina lanu lilembedwe pamodzi ndi la bambo, ndipo izi zimathandizanso pa tsiku la mavuto, achibale akayamba kufunsa kuti njingayi inali ya yani.

Vuto likayamba musachedwe, ndipo musalole kuti wina ayambe waitsegula. Ibwezereni kumene inagulidwa, mufotokoze chimene ikuchita ndi tsiku limene chinayamba. Akailandira akupatseni kapepala kosonyeza tsiku, makilomita amene yayenda, ndi chimene akukonza, chifukwa vuto lomwelo likabwerera kachiwiri ndi kachitatu, timapepala timeneti ndito timatsegula khomo lopempha njinga ina kapena ndalama. Mukamva mphekesera kumsika kuti mtundu wakutiwakuti ukuitanidwa, tengani nambala yanu mukafunse kwa wogulitsa wovomerezeka, kapena mwana wodziwa foni akuonereni pa intaneti, pakuti makampani akuluakulu ambiri ali ndi malo olembapo nambalayo nkuona ngati njinga ili pa mndandanda.

Wogulitsa akayamba mawa-mawa, mlembereni kalata yaifupi yokhala ndi tsiku, nambala ya njinga, vuto lake ndi chimene mukufuna achite, ndipo ina yofanana nayo itsale kwa inu. Akapanda kuyankha, pamenepo ndiye mupite kubungwe lija. Popita kumeneko mujambulitse lisiti, kabuku ka waranti ndi timapepala tonse ta kugalaja. Zojambulitsazo ndizo musiye ku ofesi, zenizenizo mungoonetsa nkubwerera nazo kunyumba.