Mankhwala a amalume sindikuwabisa

Chiyambireni kunjenjemera dzanja la amalume, foni yanga sipuma. Achemwali, alamu, ngakhale anthu amene sitinalankhulanepo chichokereni ine kumudzi, onse mawu ndi amodzi: uli ku Mangalande, azungu anapeza kale mankhwala, tumiza. Wina wanditumizira kanema wa pa WhatsApp wa munthu wovala chovala choyera akulonjeza kuchiza matendawa m'masabata atatu. Wina wafika ponena kuti ndikuumira ndalama. Mawu amenewa andipweteka, n'chifukwa chake ndikulemba kuti aliyense awerenge yekha.

Mankhwala ochiza matenda a Parkinson kulibe. Kuno kulibe, ku America kulibe, ku India kulibenso. Dokotala wa ku London, James Parkinson, anawafotokoza matendawa mu 1817, ndipo zaka zoposa 200 zadutsa anthu akufufuzabe. Ndimagwira ntchito m'nyumba yosamalira okalamba kumpoto kwa England, ndipo ena mwa amene ndimawasambitsa ndi kuwadyetsa anali maloya, aphunzitsi a ku yunivesite, eni makampani. Mankhwalawo akanakhalapo, iwowa akanayamba kuwagula ine ndisanamve n'komwe.

Chimene chimachitika n'chakuti mkati mwa ubongo muli kachigawo kamene maselo ake amapanga dopamine, yomwe imathandiza kuti thupi liyende momwe mwini wake akufunira. Maselowa amafa pang'onopang'ono, ndipo pamene dzanja likuyamba kunjenjemera amakhala atatha kale ambiri. Munthu amachita zinthu mochedwa, thupi limauma, nkhope imakhala ngati yakwiya pomwe mumtima mulibe kanthu, mawu amatsika, polemba zilembo zimachepa. Ena amayamba ndi kusamva fungo, kudzimbidwa, kapena kumenya ndi kukuwa ali m'tulo, zaka zambiri dzanja lisanayambe. Si kachasu, si kulodzedwa, ndipo sapatsirana. Mukhoza kudyera nawo mbale imodzi. Komanso si kunjenjemera konse kumene kuli Parkinson. Chithokomiro chimanjenjemeretsa, mankhwala ena a misala ndi oletsa kusanza monga haloperidol ndi metoclopramide amabweretsanso zizindikiro zofanana. Nanga ine ndingadziwe bwanji za amalume pongoona kanema wa pafoni?

Amene alipo ndi mankhwala ochepetsa zizindikiro, ndipo aakulu mwa onse ndi levodopa, amene anayamba kugwiritsidwa ntchito chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960. Inde, mankhwala amene akumwa nkhalamba ya ku Manchester lero ndi akale kuposa ine. Chimene chinandidabwitsa nditayamba ntchito si mankhwalawo, koma nthawi. Bungwe la NICE, limene limaika miyezo ya chithandizo kuno, limati wodwala Parkinson amene ali m'chipatala kapena m'nyumba ngati yathuyi alandire levodopa pasanapitirire mphindi 30 kuchokera pa nthawi imene dokotala anamulembera iyeyo. Osati "m'mawa, masana, madzulo" monga tinazolowera. Ngati analemba 7:00, 10:30 ndi 2:00, ndi pomwepo, ndipo umasayina papepala. Tili ndi agogo ena amene mankhwala akatha mphamvu m'thupi amangouma pakhomo, phazi kukana kunyamuka, maso ali pa iwe, akudziwa zonse koma thupi lakana. Ukawapatsa piritsi, pakapita kanthawi amadzuka n'kukadzithirira okha tiyi. Ndikaona zimenezi ndimakumbukira nkhalamba zina za kwathu zimene tinkati zafooka ndi ukalamba, zina tinkazinena kuti ndi mfiti chifukwa cha nkhope yosasekayo, ndipo mtima umandiwawa.

Tsono bwanji osagula levodopa n'kutumiza? Kuno sungalowe m'sitolo ya mankhwala n'kuitanitsa ngati Panado. Pamafunika chikalata cha dokotala cholembedwa dzina la wodwalayo. Munthu amayamba waonana ndi dokotala wa m'dera lake, amene amamutcha GP, iyeyo n'kumutumiza kwa katswiri wa ubongo ndi mitsempha, ndipo kudikira kwake nthawi zambiri ndi miyezi. Musaganize kuti kuno ukangotsokomola dokotala ali pakhomo. Palinso lamulo lina limene mpaka lero sindilimvetsa. Ku England munthu amalipira £9.90 pa mtundu uliwonse wa mankhwala umene walemberedwa, kupatula magulu ena monga ana, a zaka 60 kupita m'tsogolo, ndi odwala matenda amene ali pa mndandanda wina umene unalembedwa mu 1968. Khunyu lilipo pa mndandandawo, shuga womwera mankhwala alipo, koma Parkinson palibe. Wodwala wa zaka 45 amene akumwa mitundu inayi ya mankhwala amalipira, pamene mnzake wa ku Scotland kapena ku Wales salipira kalikonse. Dziko limodzi lomweli.

Ngakhale ndikanapeza njira yokhotakhota, sindikanatumiza. Mlingo wake amayamba pang'ono n'kumakweza akuona momwe munthu akuchitira. Choopsa kwambiri n'kuwasiya mwadzidzidzi: thupi likhoza kuuma, kutentha kwambiri, munthu mpaka kufa. Mankhwala odalira kuti uje akubwera pa Khirisimasi ndi sutikesi ndiwo angawapweteke amalume.

Za kafukufuku, amene mumamva pa wailesi n'kundiimbira usiku, zili motere. Kuno wodwala akhoza kulembetsa kuti ayesedwe mankhwala atsopano, koma pali lamulo limene poyamba linandikwiyitsa. Odwalawo amawagawa pawiri mwamaere, kompyuta ndiyo imasankha. Ena amalandira mankhwala enieni, ena amalandira jakisoni kapena piritsi lopanda kanthu, ndipo wodwala sadziwa, dokotala wakenso sadziwa, mpaka kafukufuku atatha. Ndinkati imeneyi ndi nkhanza: munthu akuvutika, iwe n'kumamubaya madzi zaka ziwiri? Koma taonani zimene zinachitika ndi exenatide, mankhwala a shuga amene kafukufuku woyambirira anaonetsa ngati akuchedwetsa Parkinson. Anthu anasangalala, manyuzipepala analemba. Kenaka akatswiri a University College London, motsogozedwa ndi Tom Foltynie, anayesa anthu 194 kwa masabata 96. Zotsatira zinatuluka mu The Lancet mu February 2025: panalibe kusiyana pakati pa obayidwa mankhwala ndi obayidwa zopanda kanthu. Pakanapanda lamulo lija, bwenzi lero mabanja akugulitsa minda kugula jakisoni wosathandiza. Matendawa ali ndi khalidwe lakuti munthu akangokhulupirira kuti walandira chithandizo, ubongo umatulutsako dopamine pang'ono ndipo amapezako bwino masiku angapo. Apa ndi pamene amadyera anthu a makanema aja.

Zina zikuyenda, sindikukana. Ku London akuyesa ambroxol, mankhwala akale a chifuwa, koma yankho silinatuluke. Ku Kyoto, ku Japan, madokotala anaika maselo opangidwa mu labotale mu ubongo wa odwala 7, ndipo mu 2025 analengeza kuti sanaone choopsa chachikulu. Asanu ndi awiri okha, abale anga. Choncho chipatala chilichonse chimene chikukuitanitsani madola kuti chibaye amalume maselo n'chakuba. Mu 2024 NHS, nthambi ya zaumoyo ya boma kuno, inayamba kupereka Produodopa, mankhwala olowetsedwa pansi pa khungu ndi kampopi kakang'ono usana ndi usiku kwa amene matenda afika patali, koma mkati mwake ndi levodopa yemwe uja m'maonekedwe ena. Palinso mayi wina wa ku Perth, ku Scotland, Joy Milne, namwino wopuma ntchito, amene anamva kuti fungo la mwamuna wake lasintha zaka zoposa khumi madokotala asanapeze matendawa. Akatswiri a ku Manchester sanamuseke. Anamutsatira, ndipo tsopano akukonza njira yoyezera matendawa popukuta mafuta a pakhungu ndi kathonje. Pamenepa ndimawatayira kamtengo anthu akuno.

Chimene chinanditengera nthawi kuti ndichilandire ndi nkhani ya ubongo wa akufa. Ku Imperial College, ku London, kuli nkhokwe ya ubongo imene imayendetsedwa ndi thandizo la bungwe la Parkinson's UK. Munthu adakali moyo amasayina kuti akadzamwalira adzachotse ubongo wake kuti akaufufuze, ndipo amafunanso ubongo wa anthu osadwala kuti azifananitsa. Agogo ena amene ndinkawasamalira anali ndi kakhadi kotero, ndipo m'faelo yawo munalembedwa kuti akangotsirizika tiimbe foni msanga, chifukwa ubongo umafunika kuchotsedwa pasanathe tsiku limodzi kapena awiri. Usiku umene anamwalira, mwana wawo wamkazi anafika, analira pang'ono, kenaka anafunsa ngati taimba kale foni ija. Ine thupi linachita tsembwe. Kwathu mawu otero angathetse ubale. Tingati wagulitsa mutu wa make. Koma zambiri zimene tikudziwa za puloteni yotchedwa alpha-synuclein, imene imaundana m'maselo a odwalawa, zinayambira pa ubongo wa anthu ngati agogo aja. Thupi analibweza lili bwinobwino, maliro anachitika. Pamalirowo tinalipo anthu osakwana khumi, ndipo atatu tinali antchito. Ndinalakalaka kwathu tsiku limenelo, kumene mudzi wonse umagona pasiwa, amayi akuimba mpaka mbandakucha. Akuno amapereka ubongo kwa anthu osawadziwa, koma kholo lawo limatha mwezi osaona mdzukulu. Ife sitingapereke ngakhale tsitsi, koma amalume sadzagona ndi njala pali ana a mlongo wawo. Sindinganene kuti awa ndiwo olondola. Ndimangofuna tikanakhala nazo zonse ziwiri.

Chimandinyansa n'chakuti kafukufuku wambiri wachitika pa azungu okhaokha, ngati kuti ife sitidwala. Mu 2023, gulu la akatswiri limene munali Njideka Okubadejo wa ku University of Lagos linapeza kusintha kwina mu jini yotchedwa GBA1, kumene kumawonjezera chiopsezo cha Parkinson mwa anthu ochokera ku Africa, ndipo mwa azungu sikupezekapezeka. Anakupeza chifukwa anayeza anthu a ku Nigeria ndi akuda a ku America. Nditawerenga kuti mayi wa ku Africa ndiye anali patsogolo, ndinayenda monyada tsiku lonse.

Ndipo nayi ina imene simungaiyembekezere. Kalongonda, yemwe uja amaphika tsiku lonse ku Mulanje ndi ku Phalombe akutaya madzi, ndi m'bale wake chitedze, ali ndi levodopa mwachilengedwe. N'chifukwa chake wosapsa bwino amazunguza mutu. Dokotala wa ku Milan, Roberto Cilia, ndi anzake akhala akuyesa ufa wa nyemba zimenezi zokazinga ngati chithandizo cha odwala a m'mayiko osauka, kuphatikizapo ku Ghana. Koma chonde, achemwali, musathamangire kukazinga. Mphamvu yake imasiyana nyemba ndi nyemba, ndipo mukapyoza muyeso munthu amasanza, amasokonezeka mutu, amaona zinthu zoti palibe. Zimenezi zimafuna dokotala woyeza ndi sikelo.

Tsopano za ndalama, poti ndi pamene pagona mkangano. Zimene munasonkha zoti mupite nazo kwa munthu wa pa kanema uja, zigwireni. Ndikudziwa kuti akatswiri a ubongo kwathu ndi ochepa kwambiri, komabe pitani nawo amalume ku chipatala chachikulu, ku Queen Elizabeth kapena ku Kamuzu Central, mutatenga mankhwala onse amene akumwa panopa, ngakhale azitsamba, kuti dokotala awaone. Akanena kuti ndi Parkinson n'kulemba levodopa, mundiuze mtengo wa mwezi umodzi. Ine ndizitumiza mwezi ndi mwezi, ndipo nthawi zonse muzikhala ndi mankhwala a mwezi wina osungira, kuti akasowa m'sitolo musawadukize. Sinditumiza ndalama yambiri kamodzi, chifukwa tonse tikudziwa kuti ikafika pakhomo pamabuka feteleza, fizi ndi malata. Ndalama imeneyi ndimaipeza ndikugwira ntchito usiku, kunja kukuzizira koopsa, ndipo ndikufuna ikafike m'kamwa mwa amalume.

Musankhe mwana mmodzi wokhala ndi foni kuti aziika alamu ya nthawi ya mankhwala. Azimwa patatsala kanthawi kuti adye, chifukwa nyama, nyemba ndi usipa zikakumana ndi piritsi m'mimba zimalichepetsa mphamvu. Musawalande khasu n'kuwakhazika pamkeka poti akudwala. Kuyenda ndi kugwiragwira ntchito n'kumene madokotala akuno amalimbikitsa wodwala aliyense. Phazi likakana kunyamuka musawakoke dzanja, muziwawerengera mokweza kuti "wani, thu, wani, thu", kapena jambulani mzere pansi kuti awudumphe. Dokotala akakupatsani pepala, lijambuleni munditumizire tsiku lomwelo.