GITALA YA MAU AAKULU IYAMBA NDI MUYESO

M'midzi ya kwa Shikabeta m'boma la Rufunsa, monganso m'madera ena a dziko lino, luso lopanga zoimbira si lacilendo ai. Banjo ya cigubu ca mafuta ndi babatoni wa cikumba ca ng'ombe ndizo zinalera nyimbo za kalindula, zimene magulu monga Amayenge ndi Serenje Kalindula Band anachukitsa m'zaka za m'ma 1980. Mmisiri wodziwa kupanga babatoni ali kale ndi theka la nzeru yopangira gitala ya magetsi yochedwa baritone, imene mau ake ali pakati pa gitala wamba ndi besi.

Gitala yotere inayamba kudziwika ku America m'zaka za m'ma 1950, pamene kampani ya Danelectro inapanga magitala a khosi lalitali. Cinsinsi cake ndi cimodzimodzi ndi ca babatoni: nsambo ikakhala yaitali ndi yonenepa, mau ake amatsika.

Cotero nchito iyamba ndi muyeso, osati ndi nkhwangwa. Pa gitala wamba, utali wa nsambo kucokera pa kamtanda ka kumutu kufika pa kamtanda ka pamimba ndi masentimita pafupifupi 65. Pa baritone umakhala pakati pa 69 ndi 76. Mmisiri asankhe nambala imodzi ndi kuilemba, pakuti zonse zotsatira zidzamvera nambala imeneyo. Mwacitsanzo, kacitsulo ka nambala 12 pa khosi kayenera kukhala pakati peni-peni pa utaliwo. Kakaphonya pang'ono cabe, gitala idzanama pa nyimbo iriyonse.

Caciwiri ndico mtengo. Nsambo zisanu ndi imodzi zonenepa zimakoka khosi usana ndi usiku, ndipo thabwa laliwisi limapindika dzinja likadutsa. Mukwa wouma bwino ndi wabwino cifukwa sufulumira kupindika kapena kufumbwa. Mkati mwa khosi muikidwe ndodo yacitsulo yomangitsa, yoti iziwongola khosilo likayamba kugonja.

Pano amisiri akumbukire lamulo. Forests Act ya 1973 inalowedwa m'malo ndi ya 2015, ndipo wodula mitengo ya matabwa afunika cilolezo ca dipatimenti yoona za nkhalango. Mukula, umene wadulidwa kwambiri m'zigawo zambiri, unaikidwa mu 2019 pa mndandanda wa mitengo yotetezedwa pa malonda a pakati pa maiko. Citseko cakale ca mukwa kapena mwendo wa bedi lothyoka cingapereke thabwa louma kale, popanda mlandu.

Cacitatu ndizo zogula m'sitolo. Pikapu, kacipangizo ka maginito kokulungidwa ndi waya wa mkuwa woonda ngati tsitsi, ndiko kamatola kunjenjemera kwa nsambo ndi kukutumiza ku ampulifaya. Imamva nsambo zacitsulo zokha. Za nailoni siimva. Zokungira nsambo zikhale ndi mabowo okwana nsambo zonenepa, ndipo nsambozo zikhale zazitali mokwanira, pakuti zina za gitala wamba zimaperewera.

Ulendo wa ku Lusaka pa Great East Road ndi wautali ndiponso umadya ndalama. Wanzeru amajambula gitala yonse pa pepala lalikulu, nalemba muyeso wa cinthu ciriconse, kuti akagule zonse paulendo umodzi. Asaboole thabwa zipangizo zisanafike m'manja, cifukwa bowo lolakwika silibwerera.

Aganizirenso za mphamvu yoimbira. Kumene kulibe magetsi, ampulifaya yogwira nchito ndi batire ya mavoti 12 yodzazidwa ndi sola ndiyo yoyenera, ndipo sipika yake ikhale yaikulu ndithu kuti isang'ambike ndi mau otsika.

Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Mnyamata amene ayeza kawiri asanaceke adzasunga thabwa lake ndi ndalama za mbeu, ndipo gitala yake idzamveka kutsidya kwa mtsinje wa Lunsemfwa.