Mtsinje wa Muloza: kuchokera m'phiri mpaka kunyanja

Muloza ndi mtsinje waung'ono, koma ndi wodziwika kwambiri kwa anthu a ku Milange, m'chigawo cha Zambézia. Pa Chipwitikizi umatchedwa Melosa. Gwero lake lili chakum'mawa kwa phiri la Mulanje, m'dziko la Malawi. Nsonga yaitali ya phirili ndi Sapitwa, yomwe ndi yotalika mamita 3,002 kuchokera pamwamba pa nyanja yamchere.

Kumtunda, mtsinjewu umathamanga pakati pa miyala ikuluikulu chifukwa malo ndi otsetsereka kwambiri. Ukafika m'munsi mwa phiri umafatsa, n'kumalowera kum'mwera pakati pa minda ndi midzi. Pamenepa ndi pomwe umagwira ntchito ya malire: tsidya lina ndi boma la Mulanje, tsidya lina ndi Milange. Malirewa anachokera m'pangano limene Britain ndi Portugal anasainirana m'chaka cha 1891. Ngakhale zili choncho, anthu a mbali zonse ziwiri amayankhula Chichewa ndi Chilomwe, amakwatirana, ndiponso amagulitsana chimanga ndi nyemba.

Kenaka Muloza amathira mu mtsinje wa Ruo, womwenso umachokera m'phiri lomweli. Ruo amapitiriza malirewo, n'kugwa pa mathithi a Zoa, mpaka kukathira mu Shire pa Chiromo. Shire amathira mu Zambezi, ndipo Zambezi amathira m'nyanja ya Indian. Motero madzi ochokera pamwamba pa Mulanje amakathera kugombe la Mozambique.

N'chifukwa chiyani mitsinje ya m'phirili imayenda ngakhale m'chilimwe? Mphepo yachinyontho yochokera kunyanja ikawomba phiri imakakamizika kukwera. Ikakwera imazizira, ndipo chinyontho chija chimasanduka mitambo ndi mvula. M'nyengo yozizira kumagwanso mvula yowaza yotchedwa chiperoni, dzina lochokera ku phiri la Chiperone la ku Zambézia. Nkhalango ndi udzu wa m'phiri zimasunga madziwo m'nthaka, n'kumawatulutsa pang'onopang'ono m'akasupe.

Mitengo ikadulidwa, zonsezi zimasokonekera. Madzi amvula salowanso pansi koma amatsetsereka nthawi imodzi, atanyamula dothi, mitengo ndi miyala. Anthu amati wadutsa napolo. Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagwetsa mvula kwa masiku angapo osaleka, mitsinje ya m'phiri la Mulanje inasefukira, n'kukokolola nyumba, minda ndi milatho, ndipo anthu ambiri anafa.

Madzi osefukira safunsa chiphaso pamalire. Mtengo wodulidwa kumtunda ku Malawi umavutitsa mlimi wa kumunsi ku Mozambique, ndipo dimba lolimidwa mpaka m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje limagumula gombe limene midzi yonse imadalira. N'chifukwa chake kusiya nsungwi, bango ndi mitengo m'mbali mwa Muloza ndi udindo wa matsidya onse awiri.