Shuga ya Ana Iononga Maso, Impso ndi Mapazi Mwakacetecete

Anthu ambiri a m'midzi amayesa kuti nthenda ya shuga ndi ya akuluakulu onenepa a m'matauni. Koma ulipo mtundu wina, wochedwa mtundu woyamba, umene kawirikawiri umagwira ana ndi acinyamata. Kapamba wao amaleka kupanga insulini, cinthu cimene cimatsegulira shuga njira yocoka m'magazi kulowa m'minofu. Sikulodzedwa ai, ndiponso sikudya nzimbe kumene kumaibweretsa. Mwana amamva ludzu losatha, amakodza pafupipafupi, mwina nayambanso kukodzera pamphasa atasiya kale, ndipo amaonda ngakhale akudya bwino.

Ngozi yoyamba imadza msanga. Insulini ikasowa, thupi limayamba kudya mafuta ake, magazi nadzala ndi asidi. Mwana amasanza, m'mimba mumapweteka, amapuma mozama, kenaka akomoka. Zimenezi zifanana ndi malungo aakulu, kotero kuti pa kiliniki yopanda koyezera shuga mwana angathe kumwalira akulandira mankhwala a nthenda ina. M'caka ca 2005, David Beran, John Yudkin ndi mnzao anafalitsa zimene anapeza m'Zambia ndi ku Mozambique. Anayerekeza kuti mwana wa kumudzi ku Mozambique wopezeka ndi nthendayi amakhala ndi moyo miyezi ngati 7 cabe, pamene wamkulu wa m'tauni m'Zambia amakhala zaka 27. Nthenda ndi imodzimodzi. Cosiyana ndi mtunda wopita kumene kuli insulini.

Amene apulumuka pamenepo amakumana ndi zina zaka zikapita. Shuga wocuruka amaononga timitsempha ta magazi m'maso, ndipo munthu samva kuwawa konse kufikira maso atayamba kucita khungu. Impso nazo zimafooka pang'onopang'ono. Koma kwa mlimi coopsa kwambiri ciri kumapazi. Phazi limacita dzanzi, munthu naponda munga kumunda osamva, nalima tsiku lonse. Cilonda cimakula, sicipola, ndipo ena amafika kucipatala pamene dotolo alibe cina cocita koma kudula mwendo.

Izi zingacedwetsedwe. Kuyambira 1983 mpaka 1993, madotolo a ku United States ndi ku Canada anatsatira odwala 1,441. Amene anali kuyeza shuga wao kawirikawiri ndi kudzilasa insulini katatu kapena kuposerapo pa tsiku, ngozi yao ya kuonongeka maso inatsika ndi 76 peresenti, ndipo ya dzanzi ndi 60 peresenti. Koma iwo omwewo anali kugwa kawirikawiri ndi vuto la shuga wotsikitsa, ndipo apa mpamene a kumudzi ayenera kucenjera. M'miyezi ya njala, Januwale ndi Febuluwale, munthu akadzilasa nyeleti m'mawa napita kukalima osadya kanthu, amanjenjemera, amatuluka thukuta, nalankhula zosamveka monga woledzera. Ngati akali maso, apatsidwe msanga madzi a shuga kapena uci. Akakomoka asamwetsedwe kanthu, koma athamangire naye kucipatala.

Insulini imaonongeka ndi kutentha. Kumene kulibe firiji, botolo lake liikidwe m'mphika wadothi wokhala m'mcenga wonyowa, pamthunzi. Maso ayezedwe caka ndi caka zikakwana zaka 5 nthendayi itapezeka, ndipo mapazi ayang'anidwe madzulo alionse, ndi pakati pa zala pomwe.