Kafangasi Kosintha Thupi Kakalandira Uthenga

Munaonapo khanda lili ndi zoyerayera pa lilime, ngati mkaka wotsalira, koma zosachoka mukapukuta? Nthawi zambiri chimayambitsa zimenezi ndi kafangasi kotchedwa Candida albicans. Chodabwitsa n'chakuti ambirife tili nako m'kamwa ndi m'matumbo, koma tili bwinobwino. Ndiye kamayamba bwanji kuvuta?

Nkhani yagona pa maonekedwe ake. Kakakhala phee, kamakhala kaselo kobulungira ngati dzira, kofanana ndi yisiti yofufumitsira mandasi. Koma kamathanso kutalika n'kusanduka timaulusi totchedwa hyphae. Timaulusi timeneti timaboola minofu ngati mmene mizu imalowera m'dothi. Ngakhale selo la chitetezo cha m'thupi likakameza, kamatha kumera ulusi m'kati momwemo, n'kuliboola, n'kutuluka.

Kalibe maso, kalibe ubongo. Kamadziwa bwanji kuti nthawi yosintha yakwana? Kamamva uthenga wa makemikolo. Kutentha kwa madigiri 37, komwe ndi kwa thupi la munthu, madzi a m'magazi, komanso mpweya wa carbon dioxide, zonsezi zimakauza kuti kamere ulusi. Uthengawo umafikira pa enzaimu yotchedwa Cyr1. Enzaimuyo imapanga kakemikolo kotchedwa cAMP, kamene kali ngati mthenga wothamanga m'kati mwa selo. Mapeto ake puloteni yotchedwa Efg1 imayatsa majini omeretsa ulusi, basi selo lija layamba kutalika mbali imodzi.

Palinso uthenga wina woletsa. Mu 2001, asayansi a pa yunivesite ya Nebraska ku America anapeza kuti maselo a Candida amatulutsa kemikolo yotchedwa farnesol. Maselo akakhala ochepa, farnesol amakhalanso wochepa. Akachulukana malo amodzi, farnesol amachuluka n'kutsekereza Cyr1, ndiye maselo aja amangokhala obulungira. Mwachidule, maselowa amawerengana pogwiritsa ntchito kemikolo.

Mwina mukuti, ife zikutikhudza pati? Mu 1997, ofufuza anachotsa Efg1 ndi jini ina yotchedwa Cph1 mu Candida. Kafangasi kaja kanalephera kumera ulusi, ndipo atakabaya mu mbewa zoyeserera, sikanathe kuzipha ngati kanzake kabwinobwino. Apa m'pamene zinaonekera poyera kuti mphamvu yake yodwalitsa imadalira kwambiri kusinthaku.

Izi n'zofunika kwa anthu amene chitetezo chawo chatsika, monga odwala khansa amene ali pa mankhwala amphamvu, kapena amene ali ndi HIV koma sanayambe ma ARV. Kwa iwowa Candida amatha kufika kum'mero mpaka munthu kulephera kumeza chakudya, ndipo akalowa m'magazi amatha kupha. Vuto lina n'lakuti mitundu ina ya Candida yayamba kusamva mankhwala monga fluconazole. N'chifukwa chake asayansi akufufuza njira yosokoneza uthengawo, kuti kafangasi kakhalebe kobulungira.

Pakadali pano, mukaona zoyera zija m'kamwa mwa mwana kapena wamkulu, musazipale. Pitani naye kuchipatala.