Chinsinsi cha zikho za valimba chidagwetsapo mlatho ku England

Aliyense amene adaonererapo oimba valimba ku Nsanje kapena ku Chikwawa amadziwa kuti kunsi kwa matabwa ake kumalendewera zikho. Zikhozo sizilingana. Kunsi kwa matabwa aakulu, olira mawu a besi, kumakhala zikho zikuluzikulu, ndipo zimanka zicheperachepera mpaka kukafika pa timatabwa tolira mawu okwera. Kuchotsa zikhozo, valimba imalirabe koma mofooka. Kuzisinthanitsa, nkuika chachikulu kunsi kwa kathabwa kakang'ono, mawu sabwerera mwakale.

Chimene amisiri a valimba amachidziwa ndi khutu, akatswiri a sayansi amachitcha resonance. Ndi lamulo la chilengedwe lomwe limakometsa nyimbo, komanso lomwe lidachititsapo ngozi pa milatho.

Mawu aliwonse amayamba ndi kunjenjemera. Chikopa cha ng'oma chikamenyedwa chimanjenjemera, nkumakankha mpweya umene uli pafupi, ndipo kukankhanako kumayenda mpaka kukafika m'khutu. Asayansi amawerenga kuti chinthu chanjenjemera kangati pa sekondi imodzi, ndipo muyeso wake ndi hertz. Khutu la wachinyamata wathanzi limamva kuyambira pa 20 mpaka pafupifupi 20,000 hertz.

Chinthu chilichonse chili ndi liwiro lake lachibadwa la kanjenjemeredwe, lomwe limadalira kukula, kulemera ndi kulimba kwake. N'chifukwa chake munthu akauzira pakamwa pa botolo lopanda kanthu limalira mawu amodzimodzi nthawi zonse, koma akathiramo madzi mawuwo amakwera, poti mpweya wotsala m'katimo wachepa.

Komabe chinthu chikhoza kunjenjemera mokakamizidwa ndi china. Nsambo ya gitala ndi yopyapyala kwambiri moti payokha singakankhe mpweya wokwanira kuti imveke patali. Ikamangidwa pa bokosi la gitala, imakakamiza thabwa lonse kunjenjemera pa liwiro la nsamboyo, ndipo poti thabwalo ndi lotambalala, mawu amakula. Oimba bangwe amachitanso chimodzimodzi polowetsa mbali ina ya chida chawo m'chikho kapena m'chitini. Nazonso zipupa za nyumba yoyandikana ndi chigayo zimanjenjemera motsatira injini, osati mwa kufuna kwake.

Resonance imachitika pamene liwiro la chokakamiza lafanana ndi liwiro lachibadwa la chokakamizidwa. Chitsanzo chosavuta ndi katungwe. Wokankha akamakankha pa nthawi yake, pamene katungwe wangoyamba kubwerera kutsogolo, mphamvu yochepa imaunjikana mpaka wokwerayo kufika m'mwamba. Akamakankha mosalingana ndi kayendedwe ka katungweyo, ngakhale atakhala wamphamvu bwanji, amangomudodometsa. Katswiri wa ku Italy, Galileo Galilei, adafotokoza zimenezi m'buku lake la 1638, pomwe adalemba za munthu mmodzi wokhoza kuliza belu lolemera kwambiri pongokoka chingwe pa nthawi yoyenera.

Umu ndi momwe chikho chimagwirira ntchito. Mpweya wa m'kati mwake uli ndi liwiro lake, ndipo mmisiri amasankha ndi kudula chikho mpaka liwirolo ligwirizane ndi la thabwa. Chikho sichipanga mphamvu yatsopano. Chimangothandiza kuti mphamvu ya thabwa ituluke msanga ngati mawu, choncho mawuwo amakula koma sakhalitsa.

Thupi la munthu nalo lili ndi zikho zake. M'kamwa ndi pakhosi ndimo mumasintha kulira kumodzi kwa m'kholingo kukhala "a", "e" kapena "u", malinga ndi momwe lilime ndi milomo zakhalira. Ngalande ya khutu, yomwe ndi yotalika pafupifupi masentimita awiri ndi theka, imakuza mawu a pafupi ndi 3,000 hertz. Izi zimathandiza kumva zolankhula bwino, koma ndi chimodzi mwa zifukwa zomwe anthu ogwira ntchito pa phokoso lalikulu kwa zaka zambiri, monga m'zigayo ndi m'mafakitale, amayamba kugontha ku mawu okwera asanazindikire kuti makutu akuonongeka. Kuvala zotchinga makutu pamalo otere si kudzikonda.

Kuopsa kwa lamuloli kumaonekera bwino pa zomangamanga. Pa 12 April 1831, asilikali 74 ankaguba pa mlatho wolendewera wa Broughton, pafupi ndi Manchester ku England. Mapazi awo, ogunda pansi nthawi imodzi, adayamba kuugwedeza, ndipo chitsulo china chomwe chidali chosasulidwa bwino chidaduka. Mlathowo udagwa, asilikali pafupifupi 40 nkugwera mumtsinje wa Irwell. Palibe adamwalira, koma kuchokera pamenepo asilikali a dziko la Britain adalamulidwa kusiya kuguba akamawoloka milatho. Mpaka lero pa mlatho wa Albert mumzinda wa London pali zikwangwani zokumbutsa lamuloli.

Phunziroli lidabwereranso mumzinda womwewo pa 10 June 2000, tsiku lomwe adatsegula Millennium Bridge, mlatho wa oyenda pansi wodutsa mtsinje wa Thames. Anthu pafupifupi 90,000 adawoloka tsikulo. Munthu akamayenda amapendekera uku ndi uku pafupifupi kamodzi pa sekondi, ndipo liwiro limeneli lidali pafupi ndi lachibadwa la mlathowo. Utayamba kugwedezeka, anthu adasintha kapondedwe pofuna kudzichirikiza, zomwe zidangoonjezera vutolo mpaka mlathowo kumasuntha pafupifupi masentimita 7 cham'mbali. Udatsekedwa patangopita masiku awiri, ndipo udatsegulidwanso mu February 2002 akatswiri ataikamo zipangizo zomeza mphamvu ya kugwedezekako, pa mtengo wa pafupifupi mapaundi 5 miliyoni.

Njira zothana ndi vutoli ndi ziwiri: kusiyanitsa maliwiro awiriwo, kapena kuika chinthu chomeza mphamvu isanaunjikane. Oyenda pa minibasi amaziona zonsezi osadziwa. Zenera limalira kwambiri injini ikafika pa liwiro linalake, nkusiya dalaivala akaonjezera moto. Kondakitala akapanikiza kapepala kapena kalabala m'mphepete mwa galasi, phokoso limatha. Mashokabuzoba a galimoto ndi malabala oikidwa kunsi kwa injini ya chigayo amagwira ntchito yomweyo.

Choncho katswiri womanga mlatho ndi mmisiri wosema valimba amafunsa funso limodzi: kodi chinthuchi chimanjenjemera pa liwiro lanji? Womanga mlatho amafuna yankho kuti alipewe liwirolo, pomwe wa valimba amadula chikho pang'onopang'ono, akumvetsera, mpaka atalipeza.