Ntchito ya bodi ya sukulu boma likamatimangira

Boma likapereka ndalama zomangira makalasi kapena labotale pa sukulu ya sekondale, ambirife timaganiza kuti zonse zili m'manja mwa kontrakitala ndi ahedi. Bodi ya sukulu nayo ili ndi gawo lake, ndipo ndi lolemera.

Titenge ndalama za CDF. Zimadzera ku khonsolo, osati m'thumba mwa aphungu monga ena amanenera. Kontrakitala salandira zonse pakamodzi. Amalipidwa ntchito ikafika pena, monga pa maziko, pa lintala ndi padenga. Apa mpamene bodi iyenera kutsegula maso. Pali chikalata chotchedwa BOQ, chomwe chimafotokoza ntchito yonse ndi zipangizo zake. Bodi ipemphe kope lake, ipite pamalopo, iyerekeze. Ngati pepala likuti malata a geji 28 koma akukhoma a geji 32, omwe ndi opyapyala, zinenedwe denga lisanathe. Maziko nawo aonedwe asanakwiriridwe.

Kawirikawiri ndalama ina imasungidwa kwa miyezi ingapo nyumba itaperekedwa, kuti ming'alu ikaoneka kontrakitala adzakonze. Bodi ikangokhala chete, ndalamayo imatuluka, ming'alu n'kutsalira ana athu.

Si bodi yomwe imalipira kontrakitala, ndiye ikaona cholakwika ilembere kukhonsolo, n'kusunga kope la kalatayo. Makolo ndi a komiti ya mzikiti, inunso funsani. Lamulo lopereka ufulu wopeza uthenga, lomwe lidayamba kugwira ntchito mu 2020, limakulolani kupempha ku khonsolo mtengo wa ntchito ndi dzina la amene adapatsidwa.